Mukadandaula kuchipatala, dandaulo lanu limakathera kuti?

Mawu akuti "mwachedwa, mubwere mawa" ndi odziwika kwa aliyense amene amadalira zipatala zing'onozing'ono za m'boma la Kasungu, ndipo amene amawamva kwambiri ndi anthu a m'minda ya fodya. Nyengo yothyola ndi kusoka fodya, mayi sangangochoka pachigafa mbandakucha. Amayamba wagwira ntchito, kenako n'kubereka mwana wotentha thupi n'kukwera kabaza wa ngongole. Akafika dzuwa litapendeka, amapeza timabuku ta odwala tatoleredwa kale, zenera la mankhwala latsekedwa, woyankha ndi mlonda yekha. Ena amaonana ndi adokotala bwinobwino koma n'kuuzidwa kuti mankhwala akagule ku famase, chonsecho chithandizo m'zipatala za boma n'chaulere. Onsewa amabwerera akung'ung'udza, ndipo nkhani imakathera pamjigo.

Njira zoperekera dandaulo zilipo. Pali bokosi la maganizo. Pali komiti ya pachipatala ya anthu osankhidwa m'midzi yozungulira, imene kale inkatchedwa HCAC ndipo tsopano ambiri akuitcha HCMC. Pali ombudsman wa pachipatala, udindo umene Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa mu 2018 mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman, nthawi imene ofesiyo inkatsogoleredwa ndi mayi Martha Chizuma. Pamwamba pa onsewa pali mkulu wa zaumoyo ku khonsolo, amene tinazolowera kumutchula kuti DHO. Chikalata cha ufulu ndi udindo wa odwala, chija chimamatidwa pakhoma la chipatala, chimanena poyera kuti wodwala ali ndi ufulu wodandaula. Zonsezi papepala n'zolongosoka. Tiyeni tione pamene zimatsamwira.

Bokosi lija likayang'anitsitsidwa limadziulula lokha. Nthawi zambiri limakhomedwa pamalo poti aliyense akuona amene akuponyamo kalata, loko wake wachita dzimbiri, pambali pake palibe pepala ngakhale cholembera. Gogo amene sadziwa kulemba ayenera kupempha munthu wina kuti amulembere, ndiye kuti chinsinsi chatha kale. Funso lalikulu ndi lakuti kiyi amasunga ndani. Ngati ali m'thumba mwa mkulu wa pachipatalapo, dandaulo lokhudza iyeyo limawerengedwa ndi mwini wake yemwe. Bokosi loyenda bwino limatsegulidwa tsiku lodziwika, pamaso pa komiti, ndipo zimene zapezekamo zimalembedwa m'kaundula. Musaope kufunsa wapampando wa komiti kuti linatsegulidwa liti komaliza.

Ombudsman wa pachipatala ndiye anayenera kukhala khomo losavuta, chifukwa mumangomufotokozera pakamwa ndipo simulipira kanthu. Koma m'zipatala zambiri zing'onozing'ono munthuyu ndi mmodzi mwa ogwira ntchito pomwepo, amene udindowu anangomuwonjezera pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Tsiku la sikelo ya kumudzi mwina simumupeza. Mukamupeza, kumbukirani kuti amene mukumudandaulayo ndi mnzake wogwira naye ntchito, mwinanso bwana wake amene. Sikuti anthuwa ndi oipa mtima. Ambiri amayesetsa, koma munthu sangafufuze momasuka amene amamulamulira mawa lake.

Ndiyeno pali mantha a wodandaula mwini. Kumadera ngati Chulu, Simlemba, Wimbe kapena Santhe, chipatala china chili kutali, ndipo za mishoni ngati cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama matenda ambiri n'zolipira. Mayi woyembekezera amadziwa kuti namwino amene akumunenerayo ndi yemweyo adzamubereketse usiku. Komiti nayo imadziwa kuti ikalimbikira, adokotala akhoza kusamutsidwa, malo awo n'kukhala miyezi opanda munthu. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. N'chifukwa chake milandu yambiri imathera pa "tikambirana", ndipo wodandaula sauzidwanso kanthu. Apa ndi pamene njira yonse imafera: munthu walankhula, koma palibe wabwera kudzamuuza kuti nkhani yake yayenda bwanji. Akatero kawiri, ulendo wachitatu amangokhala chete, ndipo malipoti opita ku boma amaonetsa ngati anthu ndi okhutira.

Kuno ku Kasungu pali gulu lina limene komiti siiliona n'komwe. Mamembala a komiti amasankhidwa kudzera m'midzi ndi kwa mafumu, pamene mabanja ogwira ntchito m'maesiteti a fodya ambiri ndi obwera kuchokera ku Mulanje, Thyolo ndi maboma ena. Lamulo la mu 2021 linathetsa utenanti, koma mabanjawa adakalipo, akudwala malungo ndi chizungulire chobwera ndi fodya wamuwisi, ndipo alibe mfumu yowayankhulira. Fodya akangopita ku okushoni ya Chinkhoma ambiri amasamuka, dandaulo lawo n'kusamuka nawo. Komiti iliyonse imene m'dera lake muli maesiteti iyenera kukhala ndi mpando wa anthu amenewa, ndipo isamadikire kuti alembe kalata. Iziwapeza kuzigafa komweko.

Kuti dandaulo lanu lisasowe m'njira, lipatseni miyendo. Tsiku lomwelo lembani, kapena uzani mwana wa sukulu alembe, tsiku, nthawi, chimene chachitika ndi amene anaona. Sungani kabuku kanu ka kuchipatala, chifukwa zimene adokotala analembamo ndi umboni. Ngati munagula mankhwala, sunganinso lisiti. Mukapita kwa ombudsman kapena kwa wapampando wa komiti, onetsetsani kuti nkhani yanu yalembedwa m'buku inu mukuona, ndipo musachoke musanauzidwe tsiku lobwera kudzamva yankho. Ngati vuto ndi la anthu ambiri, monga kutsegula mochedwa kapena kusowa kwa mankhwala a malungo, pitani angapo kudzera ku komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, chifukwa gulu silisungiridwa mangawa ngati munthu mmodzi. Tsiku likadutsa popanda yankho, kwererani kwa ombudsman wa pachipatala chachikulu cha Kasungu ndi kwa DHO, kapena uzani khansala wanu akaitule ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo. Nkhani ya kunyozedwa kapena kulekereredwa ndi namwino imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya dokotala ku Medical Council of Malawi, ya kuitanitsidwa ndalama ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Ofesi ya Ombudsman ku Lilongwe imalandira madandaulo kwaulere, ngakhale thiransipoti, mayunitsi ndi tsiku la ganyu limene mwataya palibe amene amakubwezerani.

Pali njira ina imene inabadwira m'dziko mwathu muno ndipo mayiko ena anaitengera. Mu 2002 bungwe la CARE Malawi linayambitsa njira yoti anthu a m'mudzi azipereka malikisi ku chipatala chawo. Amayi, abambo ndi achinyamata amakhala m'magulu osiyana n'kugwirizana malikisi pa zinthu monga ulemu wa anamwino, nthawi yotsegulira ndi kupezeka kwa mankhwala. Ogwira ntchito nawo amadzipatsa malikisi, kenako onse amakumana pamaso pa akuluakulu a ku boma n'kugawana zochita, ndipo pakapita miyezi 6 amakumananso kuti aone zimene zachitika. Itayesedwa ku Ntcheu pakati pa 2012 ndi 2014, alangizi a zaumoyo anayamba kuyendera kwambiri amayi oyembekezera, ndipo amayiwo anakhutira kwambiri ndi chithandizo. Pamisonkhano yotereyi anthu amamvanso mbali ya namwino, amene ali yekha pa odwala ambirimbiri, wagona kumatenite usiku wonse, ndipo mankhwala anaitanitsa koma sanabwere. Zikatero mkwiyo umalunjika kumene vuto lagona, ndipo wogwira bwino ntchito amayamikiridwa pagulu.

Chimene tikupempha ku khonsolo ya Kasungu n'chosafuna ndalama zambiri. Chipatala chilichonse chizimata pakhoma mwezi ndi mwezi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pepala lonena madandaulo amene alandiridwa, popanda mayina, ndi chimene chachitikapo pa lililonse. Dzina ndi nambala ya foni ya ombudsman zikhale pakhomo, kiyi wa bokosi akhale ndi komiti. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, choncho mafumu, mipingo ndi makalabu a alimi a fodya akhoza kupempha kuona kaundula ameneyu, ndipo ayenera kumachita zimenezi nyengo iliyonse.