Lupanga la pa pepala

Loweruka lina masana mlongo wanga anandiimbira foni mawu akunjenjemera. "Achimwene, bwerani mudzamve nokha zimene mwana wanga akulankhula kuseri kwa nyumba. Akuti akuitana lupanga kuti lifike m'manja mwake." Ndinathamangira ku Kafue Estates mtima uli m'mwamba. Kuseriko ndinapeza anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi atazungulira tebulo. Panali mapepala, mapensulo, foni imodzi ndi kadayisi ka mbali 20. Mkangano unali wakuti lupangalo lingasanduke uta kapena ayi.

Mantha a mlongo wanga sindiwapeputsa. Kuno nkhani za ufiti sitiseka nazo. Lamulo la Witchcraft Act lomwe atsamunda anakhazikitsa mu 1914 likugwirabe ntchito, ndipo pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Kholo likamva mwana akutchula matsenga, liyenera kufunsa. Ngakhale ku America komwe masewerawa anabadwira, makolo anachita mantha omwewa. Mayi Patricia Pulling, mwana wawo atadzipha mu 1982, anayambitsa bungwe lolimbana ndi masewerawa chaka chotsatira, koma milandu yomwe anasuma makhoti anaitaya.

Masewerawo ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Ndi nthano yokamba anthu ambiri. Mmodzi, yemwe amamutcha Dungeon Master, amagwira ntchito ya agogo: amafotokoza mudzi, nkhalango ndi chilombo chomwe chatsekereza njira. Enawo sangoti "tili tonse", aliyense ali ndi munthu wake m'nthanomo ndipo amanena chimene munthuyo achite. Dayisi ndi yomwe imagamula ngati zatheka. Ndalama sizibetchedwa, choncho si njuga.

Nanga kuitana lupangako? Palibe mawu achinsinsi oloweza, palibe mankhwala, palibe nsembe. Mwana amangoti "munthu wanga watulutsa lupanga", n'kuponya dayisi, n'kuwonkhetsa manambala. Wosewera nsolo akati "ndadya", palibe chalowa m'kamwa mwake. Chitsekerero cha botolo chikasanduka mfumu pa drafti, sichipatsidwa mudzi. Lupangali nalonso limathera pa pepala.

Chikhulupiriro china chili ndi osewera eni ake, makamaka ongoyamba kumene, ndipo n'chomwe chinawakanganitsa tsikulo. Amaganiza kuti poti ndi matsenga, chilichonse n'chotheka. Buku la malamulo limakana. Mu Player's Handbook ya mu 2014, munthu wa mtundu wa Warlock akafika pa levulo 3 angasankhe Pact of the Blade, mphamvu yotulutsa chida m'dzanja lopanda kanthu. Koma kutero kumamudyera mpata wake womenya pa ulendo umenewo. Chidacho chiyenera kukhala chomenyera pafupi, monga lupanga, nkhwangwa kapena mkondo. Chikatalikirana naye kupitirira mapazi 5, pafupifupi mita ndi theka, kwa mphindi imodzi, chimazimiririka. Kuchibwereketsa kwa mnzake wopita kutali n'kosatheka.

Uta uli ndi njira zake. Ina ndi mphamvu yotchedwa Improved Pact Weapon, yomwe inabwera m'buku la Xanathar's Guide to Everything mu 2017. Inanso ndi kupeza uta wamatsenga m'nthanomo n'kuulumikiza kwa iwe, zomwe zimatenga ola lathunthu la m'nthano. Apa pali msampha womwe ambiri amagwamo: chida chamatsenga ukachilumikiza, chimabwera momwe chilili. Sungaitane uta lero, mawa n'kuufuna ngati nkhwangwa.

Ena amasokonezanso mphamvu imeneyi ndi ya msilikali wotchedwa Eldritch Knight. Uyu sapanga chida kuchokera kopanda kanthu. Amalumikiza zida zomwe ali nazo kale, zosapitirira ziwiri, ndipo amaitana chimodzi pa nthawi. Mwana wa mlongo wanga anali atasakaniza malamulo awiriwa ngati mpunga ndi mchenga, ndipo mtsikana uja, yemwe anali Dungeon Master, anamuwerengera ndime yonse pa foni mofatsa mpaka anagonja. Zinandisangalatsa kuona mwana yemwe amadandaula ndi Chingerezi cha kusukulu akusanthula chiganizo liwu ndi liwu, kufunsa kuti wolemba anati chiyani ndipo ankatanthauza chiyani.

Komabe buku silithetsa mkangano uliwonse. Kampani ya Wizards of the Coast, yomwe inagula masewerawa mu 1997, imatulutsa mayankho mu Sage Advice Compendium chifukwa mafunso sasiya kubwera. Mu 2024 inasinthanso malamulo: tsopano Warlock angathe kukhala ndi chida chake kuyambira pa levulo 1, ndipo kuchitulutsa sikumulanda mpata womenya. Ana awiri angakangane mpaka dzuwa kulowa, aliyense akunena zoona za buku lake. Osewera drafti pansi pa mtengo amadziwa mankhwala ake: asanayambe amagwirizana ngati kudya chambuyo n'kololedwa. Pa tebulo ili, ogamula ndi Dungeon Master. Mabuku omwewo amamupatsa udindo umenewo.

Chomwe ndinauza mlongo wanga kuti aziyang'anira ndi nthawi, poti nthano imodzi imatha kudya maola anayi ntchito ya kusukulu ili pomwepo. Ndipo ngati banja silimasuka ndi munthu wa m'nthano ngati Warlock, wopangana ndi mizimu, ngakhale yopeka, mwana angasankhe msilikali wamba wopanda matsenga, masewera n'kuyenda bwinobwino. Chikumbumtima cha banja n'choyenera kulemekezedwa.

Madzulo amenewo mlongo wanga anakoka mpando n'kukhala nawo. "Amalume, auzeni amayi aponye dayisi," anatero mnyamatayo. Anaponya, inagwa pa 17, ana onse n'kuwomba m'manja. Inunso makolo anzanga, mukamva mawu okudodometsani kuseri kwa nyumba, musayambe ndi kutentha mapepala. Pitani mukakhale pansi, mupemphe mwanayo akuwonetseni pepala lake ndi kukuwerengerani lamulo lomwe akukanganirana.