KUJAMBULA NYENYEZI: KAMERA IKHALE PA MALO AKE ENIENI

Kwa aphunzitsi: Konzani galasi lokulitsa zinthu ndi pepala loyera phunziro lisanayambe. Cenjezani ana kuti asayang'ane dzuwa kupyolera m'galasi, pakuti lingaononge maso.

Ana inu, lero tiphunzira za makina oonera nyenyezi, ochedwa telesikopu. Akatswiri a masiku ano saika diso pa makinawa kawirikawiri. M'malo mwace amamangirirapo kamera, ndipo m'kati mwa kamerayo muli kambale kakang'ono kolandira kuwala, kochedwa sensa. Kambale aka kakagwira nchito imene filimu inali kugwira kale.

Tiyeni tiyese. Imani pafupi ndi khoma loyang'anana ndi zenera. Gwirani pepala, ndipo muike galasi pakati pa pepalalo ndi zenera. Sendezani galasi pang'onopang'ono kufikira cithunzi ca zenera cioneke pa pepala, cili cozondoka. Mukasuntha pepala pang'ono, cithunzi cizimirira. Tsopano bwezerani pepala pa malo ake, ndipo mulipendeketse. Mwaona? Mbali imodzi ikuoneka bwino, koma mbali ina yazimirira. Zolakwa ziwirizi, mtunda wolakwika ndi kupendekeka, ndizo zimene zimavutitsa ojambula nyenyezi.

Vutoli limakula pa telesikopu yochedwa yaliwiro, ndiyo imene imasonkhanitsa kuwala kwambiri m'kanthawi kocepa. Mu telesikopu wamba, kuwala kumapita kukakumana patali, monga nsonga yaitali ya mkondo, ndipo sensa ikasuntha pang'ono cithunzi sicionongeka. Koma mu yaliwiro kuwala kumakumana pafupi, monga denga la nkhokwe, lotambalala pansi ndi losongoka msanga pamwamba. Pamenepo malo oyenera sensa ndi ocepa zedi, kotero kuti kuphonya ndi ucepa wa tsitsi limodzi kumaoneka pa cithunzi.

Kodi wojambula amadziwa bwanji colakwa? Amajambula nyenyezi, napenyetsetsa ngondya zinai za cithunzi. Nyenyezi iyenera kuoneka ngati kadontho kozungulira. Ngati pakati pali bwino, koma m'ngondya zonse zinai nyenyezi zatalika mofanana, ndiye kuti mtunda wa pakati pa galasi ndi sensa walakwika. Pa makina ambiri mtundawu ndi mamilimita 55, ndipo amaukonza poonjeza kapena kucotsa timphete topyapyala. Koma ngati mbali imodzi ili bwino pamene ina yazimirira, ndiye kuti sensa yapendekeka. Apa amapotoza tizomangira titatu kapena tinai pang'onopang'ono, monga mmene mai amasendezera mafuwa kuti mphika ukhale bwino pa moto. Akapotoza kamodzi amajambulanso, nayerekeza zithunzi, kufikira ngondya zonse zifanane.

Citsanzo cacikuru cili m'dziko la Chile, pa phiri la Cerro Pachón, pamene pali telesikopu ya Vera C. Rubin. Kalirole wake ndi wa mamita 8.4 m'mimba mwake, ndipo ndi yaliwiro kwambiri. Kamera yake, imene inapangidwa ku California, ili ndi masensa 189 oyalidwa pamodzi. Amisiri anawayala mosalala kotero kuti kusiyana kwa msinkhu wao n'kocepa kwambiri kuposa ucindikali wa tsitsi la munthu. Zithunzi zake zoyamba zinaonetsedwa pa 23 June 2025, ndipo m'maola owerengeka cabe inapeza miyala ya m'mlengalenga yoposa 2,000 imene inali isanadziwike. Kuwala kwa miyala yotere n'kofooka. Sensa ikapendekeka, kuwalako kumamwazika, ndipo mwalawo suoneka konse.

Mafunso:
1. Chulani zolakwa ziwiri zimene zimazimiritsa cithunzi ca nyenyezi.
2. Kodi ngondya za cithunzi zimamuuza ciani wojambula?
3. N'cifukwa ninji telesikopu yaliwiro ifuna kusamala koposa?