"Akumera Mano Basi": Mawu Amene Akutichedwetsera Ana

Kuno ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, khanda likayamba kutsegula m'mimba pa miyezi 6 kapena 7, ambirife yankho timakhala nalo kale: "Musadandaule, akumera mano basi." Agogo anatero, anansi avomereza, ndipo mayi amadikira.

Abale ndi alongo, dzino silitsegula m'mimba. Kumera mano kumatupitsa nkhama, kumachulutsa dovu ndi kulowetsa mwana m'kulira, koma kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi kwambiri zili ndi gwero lina. Chimene chimatisokoneza n'chakuti mano oyamba, aja awiri apansi, amatuluka nyengo yomwe mwana wayamba kudya phala, kukwawa, ndi kuika m'kamwa chilichonse chimene watola pabwalo. Tizilombo timalowera m'manja ndi m'madzi, ife n'kumanamizira dzino. Ndipo kutentha thupi kuno kwathu tiziyamba taganizira malungo.

Tikukumbuka kolera amene anakula mu Zambezia namondwe Freddy atadutsa mu Marichi 2023. Khanda limatha madzi m'thupi msanga kuposa wamkulu. Tsiku limodzi lodikira likhoza kutilanda mwana. Choncho apitirize kuyamwa, amwetsedwe madzi a thanzi aja a ORS, ndipo tithamangire naye kuchipatala. Ngati vuto ndi nkhama zokha, chala chosamba bwino chomusisita n'chokwanira. Kutema nkhama ndi lumo kapena kupakapo zitsamba kumangotsegulira matenda khomo.

Palinso mawu ena ofanana nawo: "Awa adzaguluka." Zoona, mano aubwana ndi 20, amakwana mwana akamafika zaka 3, ndipo amayamba kugwedera pa zaka 6. Koma akumapeto amakhalapo mpaka zaka 10 kapena 12, akusungira malo mano aukulu. Likabooka limapweteka ngati la wamkulu: mwana sagona, satafuna chinangwa, kusukulu sapita. Lipoti la bungwe la WHO la 2022 linati ana pafupifupi 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano aubwana obooka.

Chobooletsa ndi shuga wokhalitsa m'kamwa: tiyi wotsekemera m'botolo pogona, mabisiketi ndi zakumwa za pamsika ndi za pa Muloza. Tisabise, ifenso timatseka ana pakamwa ndi maswiti kuti ulaliki umveke. Mwana wosakwana zaka 2 safunika shuga wothirira.

Dzino loyamba likangotuluka, tilitsuke m'mawa ndi pogona ndi kamswachi kofewa. Mankhwala otsukira akhale a fluoride, ochepa ngati njere ya mpunga. Kuyambira zaka 3, ngati njere ya nandolo, ndipo azilavula osatsukuluza. Kholo ligwire mswachi mpaka mwana atafika zaka 7. Kamodzi pamwezi tikweze mlomo wake wam'mwamba: mawanga oyera ngati choko m'mphepete mwa nkhama ndiwo chiyambi cha kubooka, ndipo pamenepo achipatala akhoza kuliletsa lisanafike pozulidwa.