Cosplay

Cosplay ndi mchitidwe wovala ndi kudzikongoletsa ngati munthu wa m'katuni, m'filimu, m'buku la nthano zazithunzi kapena m'masewera a pakompyuta. Wochita cosplay amatsanziranso kaimidwe, kayendedwe ndi maonekedwe a nkhope a munthu wa m'nthanoyo. Mawuwa anapangidwa ku Japan pophatikiza mawu awiri a Chingerezi, costume ndi play, ndipo m'Chijapani amatchulidwa kuti kosupure. Ambiri amachita cosplay pamisonkhano ya okonda makatuni, pamipikisano komanso pojambulitsa zithunzi mu situdiyo.

Mbiri

Mu 1939, pamsonkhano woyamba wa Worldcon umene unachitikira ku New York, Forrest J Ackerman ndi Myrtle R. Douglas anavala zovala zosonyeza anthu a m'tsogolo. Zovalazo anasoka ndi Douglas, ndipo awiriwa amawerengedwa pakati pa anthu oyamba kuvala motere pamsonkhano wa okonda nthano. Ku Japan mchitidwewu unakula limodzi ndi msonkhano wa Comiket, umene unayamba mu 1975 ku Tokyo. Dzina lakuti cosplay linatchuka kudzera mwa Nobuyuki Takahashi, amene analigwiritsa ntchito m'magazini ya My Anime kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2003 mumzinda wa Nagoya munayamba World Cosplay Summit, imene imasonkhanitsa ochita cosplay ochokera m'mayiko osiyanasiyana.

Mu Africa, msonkhano wa Lagos Comic Con unayamba mu 2012 ku Nigeria, ndipo Comic Con Africa inachitika koyamba mu 2018 ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg. Makatuni a anthu a mu Africa ayambanso kuchuluka. Chitsanzo ndi Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023. Mwini nkhani yake ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo ikunena za atsikana anayi a sukulu amene amateteza mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo.

Kapangidwe ka chovala

Ntchito imayamba ndi kusonkhanitsa zithunzi za munthu wa m'katuniyo, zoonetsa kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Munthu aliyense wa m'katuni amakhala ndi zizindikiro zimene anthu amamudziwira. Goku wa mu Dragon Ball, nthano ya Akira Toriyama imene inayamba mu 1984, amadziwika ndi chovala cha mtundu wa lalanje, lamba wabuluu ndi tsitsi loima ngati minga. Naruto, wa m'nthano ya Masashi Kishimoto imene inayamba kutuluka motsatizana mu 1999, amadziwika ndi tsitsi lachikasu, mizere itatu patsaya lililonse ndi kansalu ka pachipumi kokhala ndi chitsulo. Zizindikirozi zikasoweka, anthu sazindikira amene akutsanziridwa ngakhale chovalacho chikhale chodula.

Vuto lalikulu ndi lakuti wojambula katuni saganizira za kulemera kwa nsalu kapena tsitsi. Tsitsi la m'katuni limaima lokha, ndipo mkanjo umauluka popanda mphepo. Choncho opanga zovala amaumitsa wigi ndi guluu kapena mankhwala opopera tsitsi, ndipo amasokera waya kapena nsalu yolimba mkati mwa kolala. Zishango ndi zovala zankhondo amazipanga ndi thovu la EVA, lofanana ndi limene amapangira mapatapata ena. Thovuli limapindika likatenthedwa, kenako amalimata ndi kulipenta kuti lioneke ngati chitsulo.

Ku Blantyre, zambiri mwa zipangizozi zimapezeka popanda kuitanitsa kunja. M'misika ya kaunjika ya ku Limbe, Ndirande ndi Bangwe mumapezeka majekete, nsapato, malamba ndi magolovesi amene angathe kusinthidwa. M'mashopu a nsalu a ku Limbe ndi pakati pa mzinda mumapezeka nsalu zoyezera pa mita, ndipo atelala a pakhonde amatha kusoka potengera chithunzi cha pafoni. Telala amafunika kuuzidwa kuti chovalacho ndi chodumpha nacho, kuti asiye mpata m'khwapa ndi pakati pa miyendo. Katoni, mapaipi apulasitiki ndi thovu la matiresi zimalowa m'malo mwa EVA.

Kujambula mu situdiyo

Cholinga cha chithunzi cha cosplay ndi kuonetsa munthuyo ngati ali pakati pa nkhondo kapena mpikisano. Wojambula amakonda kutsitsa kamera pafupi ndi pansi, chifukwa wojambulidwa kuchokera m'munsi amaoneka wamtali ndi wamphamvu. Nkhonya kapena lupanga zikalozetsedwa ku kamera zimaoneka zazikulu, monga momwe zimakhalira m'makatuni. Wojambulidwa amatambasula miyendo, kupotoza chiuno ndi kusiya mpata pakati pa mikono ndi thupi, kuti kaimidwe kake kaoneke bwino ngakhale atasanduka mthunzi chabe.

Nyali yaikulu imaikidwa chakumbali kuti mbali ina ya nkhope ikhale ndi mthunzi. Nyali yachiwiri imaikidwa kumbuyo kuti ilekanitse munthu ndi nsalu ya kukhoma, ndipo pepala loonekera la mtundu wofiira kapena wabuluu likaphimbidwa panyaliyo limapereka maonekedwe a moto kapena mphezi. Pojambula munthu akudumpha pa kuwala kwa dzuwa pamafunika shata yothamanga, monga 1/500 ya sekondi kapena kuposerapo. Mu situdiyo, kung'anima kwa fulashi ndi kumene kumaimitsa kayendedweko. Fani imaulutsa tsitsi, ndipo mnzake wa wojambulidwa amatha kuponya mkanjo m'mwamba n'kuchoka msanga, kapena kuukoka ndi ulusi wa mbedza. Utsi ndi malawi amawonjezedwa pambuyo pake pakompyuta. Magetsi akazima, kuwala kolowera pawindo ndi pepala loyera lobwezera kuwalako zimathandiza.

Zoyenera kusamala

Pamisonkhano yambiri pali lamulo lakuti munthu asajambulidwe kapena kugwiridwa popanda chilolezo chake. Mu 2014 New York Comic Con inaika zikwangwani zochenjeza za nkhaniyi. Palinso nkhani ya khungu, popeza anthu akuda ena akhala akunyozedwa pa intaneti chifukwa chovala ngati anthu a m'makatuni a ku Japan. Mu 2015 Chaka Cumberbatch anayambitsa kampeni ya 28 Days of Black Cosplay pofuna kuonetsa ntchito zawo. Ochita cosplay ambiri amagwirizana kuti munthu safunika kusintha mtundu wa khungu lake kuti afanane ndi amene akumutsanzira.

Ku Malawi, munthu wamba saloledwa kuvala yunifomu ya apolisi kapena ya asilikali, ndipo mfuti kapena lupanga la chidole zingathe kuopseza anthu pamsewu, choncho zimanyamulidwa m'chikwama mpaka pamalo ojambulira. Cosplay ndi yosiyananso ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu. Zilombo za Gule Wamkulu ndi za mwambo wa Achewa ndipo amavala ndi okhawo amene analowa dambwe, pamene chovala cha cosplay angavale aliyense ndipo mwini wake sakakamizidwa kubisa dzina lake.