Jenereta, sola kapena galimoto ya magetsi?

Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Pa Dedza boma ometa tsitsi ndi ogulitsa zoziziritsa kukhosi anathamangira majenereta.

Jeneretatu siboola thumba pogula, koma imamwa petulo tsiku ndi tsiku. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu 2023, phindu lonse linayamba kuthera pa filing'i siteshoni.

Sola imapweteka kamodzi kokha, pogula. Komabe kuno kumapiri nkhungu ya mu Juni imabisa dzuwa, choncho batire likhale lalikulu. Ngakhale ku Golomoti, kumene sola imatulutsa mamegawati 20, anaikako mabatire.

Nanga galimoto ya magetsi? Abale, tidzaitchaja kuti magetsi akathima?

Inu amalonda, werengerani ndalama za zaka zisanu, osati za tsiku logula lokha.