Kodi Mumadziwa? Za Mizere, Ngodya ndi Maonekedwe a Zinthu

Ambirife tinatsanzikana ndi jiyometiri tsiku lomwe tinatuluka m'chipinda cha mayeso. Koma phunziroli lidakali nafe: pamafuwa, padenga, panjinga ndi pabwalo la mpira. Tamvani izi.

Kodi mumadziwa kuti dzina loti jiyometiri limatanthauza kuyeza nthaka? Ndi la Chigiriki. Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece, anafotokoza kuti lusoli linayambira ku Egypt. Mtsinje wa Nile ukasefukira n'kukokolola mbali ina ya munda, mfumu inkatuma anthu kukayezanso mundawo kuti msonkho ulingane ndi malo otsalawo. Ndiye kuti nkhani za malire a minda si za lero.

Kodi mumadziwa kuti mawu oti layini, omwe tinabwereka ku Chingerezi, gwero lake ndi linea, mawu a Chilatini otanthauza ulusi? Mpaka lero mmisiri akafuna mzere wowongoka amakhoma zikhomo ziwiri n'kukunga chingwe. Mzere wowongoka ndiyo njira yaifupi koposa pakati pa malo awiri. Ana a sukulu amene amadulira m'munda mwa eniake amalidziwa bwino lamuloli.

Kodi mumadziwa kuti pali mizere yomwe imayenda limodzi koma siikumana? Akusukulu amati ndi yapalalelo. Chitsanzo ndi njanji. Kuno ku Malawi, mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,067, kaya muyeze ku Limbe kaya ku Salima. Sitima za Zambia Railways ndi zambiri za ku South Africa zimayenda pa mpata womwewu.

Kodi mumadziwa chifukwa chake kuzungulira kamodzi ndi madigiri 360? Izi zinachokera ku Babylon wakale, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, kumene ankawerengera m'magulu a 60. N'chifukwa chakenso ola lili ndi mphindi 60. Wotchi yapakhoma ingakuphunzitseni ngodya zonse, poti kuchoka pa nambala ina kufika pa yotsatira ndi madigiri 30. Ikati 3 koloko, mivi yake imapanga madigiri 90, ngodya ya sikweya, ngati ya buku kapena ya chitseko. Pa 1 koloko ngodya imakhala yosongoka, madigiri 30. Pa 5 koloko imakhala yotambasuka, madigiri 150. Pa 6 koloko mivi imangoti njoo, mzere umodzi: madigiri 180.

Kodi mumadziwa kuti tepi yokha ndi yokwanira kupezera ngodya ya sikweya? Mudzaonerere mmisiri akuyala maziko a nyumba. Kuchokera pa chikhomo cha pangodya, amayeza mamita 3 pa chingwe china, mamita 4 pa chinzake, n'kuika zizindikiro. Kenako amasuntha chingwe chimodzi pang'onopang'ono mpaka mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo utakwana mamita 5 ndendende. Ikatero, ngodya yakhala. Chinsinsi chake n'chakuti mukachulukitsa 3 ndi 3, 4 ndi 4, komanso 5 ndi 5, mumapeza 9, 16 ndi 25, ndipo 9 kuphatikiza 16 ndi 25. Lamuloli limatchedwa ndi dzina la Pythagoras wa ku Samos, koma phale ladongo la ku Babylon lotchedwa Plimpton 322, la m'ma 1800 BC, likusonyeza kuti manambala otere ankadziwika zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe.

Kodi mumadziwa kuti ngodya zitatu za thirayango iliyonse yojambulidwa papepala zimakwana madigiri 180? Musangomva za m'maluwa. Dulani thirayango papepala, kaya yonenepa kaya yowonda, n'kung'amba ngodya zake zitatu. Zilumikizeni nsonga kwa nsonga pambali pa rula. Mudzaona kuti zapanga mzere wowongoka.

Kodi mumadziwa kuti thirayango siipindika? Khomani timitengo tinayi ndi misomali, mupange sikweya, ndipo muikankhe pangodya: ipendekeka. Khomani titatu: simuisuntha pokhapokha mutathyola. N'chifukwa chake kalipentala amakhoma thabwa lopingasa kuseri kwa chitseko, mitengo ya denga imamangidwa m'mathirayango, ndipo felemu ya njinga imasenza matumba a makala osakhota. Nambala yomweyi ili kukhitchini. Mafuwa atatu amaugwira mphika onse pamodzi ngakhale pansi pali pokumbikakumbika, pamene tebulo la miyendo inayi limafuna kachikatoni pansi pa mwendo umodzi kuti lileke kugwedera.

Kodi mumadziwa kuti sikweya iliyonse ndi rekitango, koma si rekitango iliyonse yomwe ndi sikweya? Rekitango imangofunika ngodya zinayi za madigiri 90. Sikweya imawonjezera lamulo loti mbali zonse zinayi zikhale zofanana. Kuti atsimikize kuti chipinda sichinapotoke, mmisiri amayeza mopingasa, kuchoka pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikasiyana, amazula zikhomo n'kuyambanso.

Kodi mumadziwa kuti mbuzi imajambula seko? Imangireni pachikhomo m'mawa, pofika madzulo mupeza kuti yadya udzu mozungulira bwinobwino. Chikhomo ndicho pakati, ndipo chingwe ndicho rediyasi. Mawu oti rediyasi m'Chilatini ankatanthauza sipoko ya gudumu. Mzere wodula seko pakati, kuchoka mbali ina kufika inzake, ndi dayamita, ndipo ndi rediyasi kawiri. Pabwalo la mpira, seko ya pakati ili ndi rediyasi ya mamita 9.15.

Kodi mumadziwa kuti lichero, tayala la lole ndi kakhobidi ka K10 zili ndi nambala imodzi? Zungulizani chingwe m'mphepete mwa lichero, kenako muchiyeze ndi dayamita yake. Chikwana katatu n'kutsala kachidutswa. Nambala imeneyi ndi pi, pafupifupi 3.14, ndipo manambala ake a pambuyo pa kadontho satha. Archimedes wa ku Syracuse anasonyeza kuti ndi yocheperako pang'ono kwa 22/7. Potengera 3.14, mu 2019 bungwe la UNESCO linakhazikitsa 14 Malichi, tsiku la 14 la mwezi wachitatu, kukhala tsiku la masamu padziko lonse.

Kodi mumadziwa kuti makolo sankalakwitsa pomanga nkhokwe ndi makola ozungulira? Mukakhala ndi mpanda wa mamita 20, khola la sikweya likupatsani malo okwana masikweyamita 25. Mpanda womwewo mukauzunguliza, malo amafika pafupifupi 32. Mitengo yomweyo, mbuzi zochulukirapo.

Kodi mumadziwa kuti timabowo ta m'chisa cha njuchi tili ndi mbali 6? Dzina lake ndi hekisagoni. Pogawa malo m'zipinda zofanana popanda mpata wotsala, maonekedwe amenewa ndiwo amadya khoma lochepa koposa, choncho phula silionongeka. Anthu anaziganizira kalekale, koma umboni wathunthu anaupereka Thomas Hales mu 1999. Mpira wa Telstar, wa World Cup ya 1970 ku Mexico, unali ndi zigamba 32: mahekisagoni oyera 20 ndi mapentagoni akuda 12, a mbali 5. Chikwangwani chofiira choimitsa galimoto pamphambano chili ndi mbali 8, ndiye okitagoni.

Kodi mumadziwa kuti maseko ndi mizere zinajambulidwa pamiyala ya kwathu kuno kusanabwere sukulu? Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za m'mapanga, omwe UNESCO inawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira, zomwe akuti ndi za Akafula, zili ndi maseko ena mkati mwa anzawo komanso mizere yoyenda limodzi. Ku Mozambique, katswiri wa masamu Paulus Gerdes, yemwe anamwalira mu 2014, anatha zaka zambiri akulemba za jiyometiri ya oluka madengu ndi mphasa.

Choncho mwana akabwera kusukulu akudandaula kuti ngodya zamuzunguza mutu, musamuuze kuti masamu ndi ovuta. Mupatseni chingwe, zikhomo zitatu ndi lichero, mupite naye pabwalo.