Siliva Wakwera Mtengo, Masupuni Amakedzana Akuthera mu Ng'anjo

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, aunsi imodzi ya siliva, yomwe ndi magalamu 31.1, inkagulitsidwa pafupifupi madola 5. Mu Epulo 2011 inayandikira madola 49, ndipo mu Okutobala 2025 inapyola madola 50. Wina angayese kuti otolera masupuni, mafoloko ndi mipeni yasiliva yamakedzana ku Britain ndi ku America alemera. Koma chomwe chakwera mtengo ndi chitsulo chokha. Luso la mmisiri latsalira m'mbuyo, ndipo mpata wa pakati pa ziwirizi ndi umene ukutha ziwiyazi.

Masamu ake ngosavuta. Siliva wa sterling amakhala 92.5 peresenti siliva weniweni. Tiyerekeze seti ya anthu 12 yolemera makilogalamu atatu: muli maaunsi pafupifupi 89. Pa madola 5, chitsulo chake chinali cha madola osakwana 450, choncho wogula ankalipira makamaka zaka zake, kapangidwe kake ndi dzina la wosula. Pa madola 50, chitsulo chomwecho ndi cha madola oposa 4,400. Wotolera akalephera kupitirira pamenepo, setiyo imapita kwa wosungunula, amene amalipira tsiku lomwelo atangoyeza pa sikelo. Zinachitikapo kale mu 1979 ndi 1980, pamene abale a banja la Hunt a ku Texas anagula siliva wochuluka mtengo n'kuyandikira madola 50: anthu anandandalika pa mizere kukagulitsa ziwiya za makolo awo.

Kusiyana kwake n'kwakuti lero ogula a m'nyumba achepa. Kuyambira pamene Harry Brearley anatulukira chitsulo chosachita dzimbiri ku Sheffield mu 1913, siliva wakhala akutaya malo patebulo. Amada msanga, amafuna kupukutidwa ndi manja, sagwirizana ndi makina otsukira mbale, ndipo mabanja aang'ono sayalanso tebulo la anthu 12. Makampani akuluakulu opanga ziwiyazi nawonso anavutika. Viners ya ku Sheffield inagwa mu 1982. Oneida ya ku New York inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole mu 2006, ndipo Reed & Barton ya ku Taunton, imene inayamba mu 1824, inachita chimodzimodzi mu 2015. Lamulo la minyanga ya njovu la ku Britain, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2022, nalonso linatseka msika wa mipeni yambiri ya zigwiriro za minyanga. Cholinga chake n'chabwino, koma maseti ambiri tsopano sagulitsika athunthu. Mbali inayo, mafakitale akufuna siliva wambiri, makamaka opanga mapanelo a sola ndi zipangizo zamagetsi, moti bungwe la Silver Institute lakhala likunena kuti kuyambira mu 2021 wofunika amaposa wopezeka.

Sikuti msika wonse ukugwa mofanana. Ntchito za amisiri otchuka monga Paul Storr, Hester Bateman kapena Georg Jensen zili ndi ogula awo ku okushoni komanso m'masitolo a London Silver Vaults. Zokutidwa siliva pamwamba, za njira imene a Elkington analembetsa ku Birmingham mu 1840, wosungunula sazifuna kwenikweni, chifukwa siliva wake ndi wochepa, ndipo zimangotsika mtengo. Zomwe zili pangozi ndi zapakati: maseti olemera a mapangidwe a King's, Fiddle ndi Old English, osulidwa ndi amisiri aluso koma osatchuka.

Apa ndi pamene ndikuona kuti kutaya kwake n'kwakukulu kuposa mmene ziwerengero za malonda zikusonyezera. Supuni ya ku Britain ndi chikalata. Lamulo loyeza ndi kudinda siliva linayamba mu 1300, ndipo zidindo za kumbuyo kwa chigwiriro zimauza mlingo wa siliva, mzinda, chaka ndi wosula. Mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu chinali Sheffield, mpanda ndi Edinburgh. Ndi zinthu zochepa za m'nyumba za anthu wamba zimene munthu angadziwe chaka chake molondola chotero. Ofufuza mbiri amagwiritsa ntchito zidindozi kudziwa ankasula ndani, mzinda uti unali ndi chuma, ndiponso akazi amasiye angati anapitiriza ntchito za amuna awo. Wosungunula amalemba kulemera kwa katundu basi.

Maofesi oyeza siliva atsala anayi okha ku Britain. Ya ku York inatsekedwa mu 1858, ya ku Exeter mu 1883, ya ku Newcastle mu 1884, ya ku Chester mu 1962, ya ku Glasgow mu 1964. Ziwiya za zidindo za mizinda imeneyi sizingachulukenso. Wodziwa amazipatula akaziona, koma mabokosi ambiri a masiye amafika pa sikelo ya wogula golide ndi siliva popanda aliyense kutembenuza chigwiriro.